Momwe mungayambire ntchito yofufuza za mitengo ndi madzi

Aliyense amene anakulira m'munsi mwa phiri la Dedza anamvapo akuluakulu akudandaula kuti bulugamu amaumitsa madambo. Ntchito ya wofufuza za moyo wa mitengo ndi kuyeza nkhani ngati imeneyi mpaka zitadziwika kuti mtengo umamwa madzi ochuluka bwanji, m'miyezi iti, ndipo otsalira mtsinje ndi ochuluka motani.

Yambani ndi maso anu musanaganize za yunivesite. Mangani jumbo yoonekera mkati pa nthambi ya masamba ambiri dzuwa likamatuluka, ndipo pofika masana mudzapeza madontho atadikha pansi pa jumboyo. Madziwo atulukira pa timabowo ta masamba, ndipo pafupifupi madzi onse amene mizu imakoka m'nthaka amathera mumlengalenga mwa njira imeneyi. Mu Seputembala pitani ku nkhalango ya Chongoni mukaone mitengo ya mombo ikuphuka masamba ofiira fumbi lili koboo, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Mukayamba kudzifunsa komwe ikutenga madzi, ndiye kuti ntchitoyi mwailowa kale.

Pa MSCE limbikirani Biology, Chemistry ndi masamu. Malawi College of Forestry and Wildlife ili konkuno ku Dedza, pomwe digiri ya zankhalango mungakaipeze ku Bunda, pansi pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, kapena ku yunivesite ya Mzuzu. Kuti mudzakhale mphunzitsi wa pa yunivesite pafunika digiri yachiwiri ndi PhD, ndipo apa ndikulangizani kusankha mphunzitsi wokutsogolerani amene amapitadi kunkhalango, osangotengeka ndi kutchuka kwa sukulu. Dziwanani msanga ndi a Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba.

Zida mudzaziphunzira, monga masingano awiri a Granier (dzina la katswiri amene anayambitsa njirayi) obaya pa thunthu, imodzi yotenthetsedwa, omwe kusiyana kwa kutentha kwake kumasonyeza liwiro la madzi okwera mumtengo. Chovuta kwambiri ndi kupirira polemba. Ku Jonkershoek, m'dziko la South Africa, kafukufuku anayamba mu 1935, ndipo panadutsa zaka zambiri asanatsimikize kuti minda ya paini imachepetsa madzi m'mitsinje. Choncho lembani mvula ya tsiku lililonse ndi msinkhu wa madzi pamtsinje umodzi, ngakhale waung'ono wothira mu Linthipe, osadumphitsa.

Musanaike chida chilichonse m'nkhalango, tengani chilolezo ku ofesi ya zankhalango, mukaonekerenso kwa amfumu ndi kufotokozera amayi otola nkhuni ntchito ya mawaya a zida zanuzo, chifukwa iwowo ndi amene adzadutsa pa mtengo wanu masiku onse inu muli kusukulu.