Pepukitsani chithunzi chakumbuyo, tsamba lanu lizitseguka msanga

Mwini malo ogona alendo kunyanja, kaya ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, amafuna kuti munthu akangotsegula webusaiti yake aone madzi, bwato ndi dzuwa likulowa, zitadzaza sikirini yonse kumbuyo kwa mawu. Palibe cholakwika pamenepo. Vuto limabwera pamene chithunzicho changochoka m'foni n'kukwezedwa pa webusaiti momwe chilili.

Tiwerengere limodzi. Foni ya kamera ya 12 megapixel imajambula chithunzi cha ma pixel (timadontho timene timapanga chithunzi) pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo kawirikawiri chimalemera 3 MB mpaka 5 MB. Chithunzi cha 4 MB ndi ma megabit 32. Ngati netiweki ikuyenda megabit imodzi pa sekondi, mlendo wanu adikira masekondi 32 akuyang'ana sikirini yopanda kanthu, kwinaku bandulo yake ikutha. Google imati chinthu chachikulu kwambiri chooneka pamwamba pa tsamba chizituluka mkati mwa masekondi 2.5, muyeso umene amautcha Largest Contentful Paint. Pa masamba ambiri, chinthu chachikulucho ndi chithunzi chomwechi.

Yambani ndi kuchepetsa kukula kwake, musanaganize za china chilichonse. Sikirini wamba ya kompyuta ndi ma pixel 1920 ndi 1080, amene ndi ma pixel ongopitirira pang'ono 2 miliyoni. Chithunzi cha m'foni chija chili ndi 12 miliyoni. Ndiye kuti mukumusenzetsa munthu matumba asanu ndi limodzi pamene akufunika limodzi lokha. Chepetsani chithunzicho chifike pa ma pixel 1920 chopingasa. Kenako konzani china chaching'ono cha pafoni, cha ma pixel 800 kapena 1000, ndipo wokonza webusaiti agwiritse ntchito media query (lamulo loyang'ana kukula kwa sikirini) mu CSS, imene ndi malangizo a maonekedwe a tsamba, kuti foni izitenga chaching'onocho. Podula cha pafoni muonetsetse kuti bwato lija lili pakati, chifukwa sikirini ya foni ndi yoimirira ndipo m'mbali mumadulidwa.

Mukatero sankhani mtundu wa fayilo. Apa ndi pamene ambiri amasochera. PNG ndi yabwino pa chizindikiro cha kampani ndi zojambula za mitundu yochepa, koma mukasungiramo chithunzi cha nyanja kapena cha anthu, fayilo imatupa kwambiri. JPEG, imene yakhalapo kuyambira 1992, imagwirabe ntchito. WebP, imene Google inatulutsa mu 2010, imapepuka kuposa pamenepo: malinga ndi Google, imachepa ndi 25 mpaka 34 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi JPEG yooneka mofanana. Kale anthu ankaiopa chifukwa Safari, browser (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti) ya pa iPhone, sinkaitsegula, koma kuyambira 2020 imatsegula. Palinso AVIF ya mu 2019, imene nthawi zambiri imapepuka kwambiri. Ogwiritsa ntchito WordPress popanga webusaiti, dziwani kuti imalandira WebP kuchokera pa WordPress 5.8 ndi AVIF kuchokera pa WordPress 6.5.

Chida chofinyira sichifuna ndalama. Chida china chotchedwa Squoosh chimagwira ntchito mu browser momwemo, ndipo chimakuonetsani chithunzi choyamba mbali ina, chofinyidwa mbali inayo. Tsitsani quality pang'onopang'ono kuchoka pa 80 kupita cha m'ma 60, mukuyang'anitsitsa kumwamba ndi pamadzi, poti ndi pamene mizeremizere imayambira kuoneka. Ikaoneka, bwererani pang'ono. Ine ndimalangiza kuti cha pakompyuta chisapitirire 200 KB, cha pafoni chikhale pansi pa 100 KB. Musaope kufinya. Chithunzi chakumbuyo si cha pakhoma la pabalaza. Pamwamba pake pali mawu, ndipo nthawi zambiri mwachidetsako kuti mawuwo awerengeke. Palibe mlendo amene amawerenga masamba a mtengo uli kumbuyo kwa mitengo ya zipinda. Kufinyaku kumachotsanso zobisika zimene foni imalemba m'chithunzi, kuphatikizapo malo enieni amene munajambulira, zomwe si nthawi zonse mungafune kuti aliyense azione.

Tsopano pali chinthu chimene ngakhale odziwa ntchitoyi amaiwala. Chithunzi choikidwa ndi background-image, lamulo loikira chithunzi kumbuyo, chimabisala mu fayilo ya CSS. Browser imayamba yatenga tsamba, kenako CSS, n'kuiwerenga, ndipo pamenepo m'pamene imazindikira kuti pali chithunzi choti ikatenge. Zili ngati kutuma mwana kumsika, atabwerako n'kumuuza kuti abwerere akagule mchere. Uzani wokonza webusaiti aike mzere wa preload kumutu kwa tsamba wotchula chithunzi chapamwambacho, kuti chiyambe kubwera nthawi yomweyo. Chimodzi chokhacho basi. Mukaika preload pa zithunzi zonse zidzangolimbirana njira. Njira ina ndi kuchiika ngati img, kutanthauza chithunzi wamba cholembedwa m'tsamba momwemo, n'kuchiyala kumbuyo kwa mawu. Izi zimathandizanso pa zithunzi za m'munsi mwa tsamba, chifukwa loading="lazy", imene imachedwetsa chithunzi mpaka munthu atachiyandikira, imagwira pa img koma osati pa background-image.

Ikaninso background-color (mtundu wa kumbuyo) yofanana ndi mtundu waukulu wa chithunzicho. Ngati mawu anu ndi oyera ndipo chithunzi chachedwa, mlendo adzaona zoyera pa zoyera. Mtundu wa buluu wakuda ukakhala kumbuyo, nambala ya foni imawerengeka chithunzi chisanafike. Zithunzi zisanu zosinthanasinthana kumbuyo, kapena vidiyo yongodziyambira yokha, ndikanakonda mutazisiya. Kumene mukungofuna mtundu wosintha pang'onopang'ono, gradient ya CSS imachita zimenezo popanda fayilo iliyonse.

Mukamaliza yesani. Lembani adiresi ya tsamba lanu mu PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, ndipo muyang'ane zotsatira za pafoni, osati za pakompyuta zokha. Kenako bwerekani foni yotchipa imene sinatsegulepo tsambalo, zimitsani Wi-Fi, yatsani data, tsegulani tsamba n'kuwerenga masekondi. Foni yanu ingakunamizeni, chifukwa inasunga kale chithunzicho tsiku limene munachikweza.