Kuonetsa ana kusiyana kwa zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya

Gulani sirinji yatsopano ya mamililita 20 ku famase ndipo muchotse singano. Yogwirapo kale ntchito kuchipatala ayi. Pezaninso madzi, mchenga wouma ndi botolo la pulasitiki.

Yambani ndi mpweya. Kokani chokankhira mpaka pa 20, tsekani kukamwa kwa sirinji ndi chala, kenako kankhani. Chitsika mpaka cha pa 10, ndipo mukachisiya chibwerera chokha. Tizigawo ta mpweya timakhala motalikirana, n'chifukwa chake umapanikizika. Pa 10 pamenepo mphamvu ya mpweya mkatimo yawirikiza kawiri, monga anafotokozera wasayansi Robert Boyle mu 1662.

Tsopano kokani madzi mpaka pa 20, mutseke, mukankhe. Sichisuntha. Ambiri amalakwitsa apa: kathovu kampweya kakatsalira mkati, chokankhira chimatsikako pang'ono, ana n'kumati madzinso amapanikizika. Lozetsani kukamwa kumwamba, gogodani ndi chikhadabo kuti kathovuko kakwere, mukatulutse musanatseke.

Mchenga umasokoneza, poti umathirika ngati madzi. Uthireni m'mbale: uunjikana mulu, pomwe madzi amayala okha. Kamchenga kamodzi sikasintha maonekedwe kulikonse mungakaike, choncho ndi cholimba. Ufa chimodzimodzi.

Za kuundana, thirani madzi okwana mamililita 500 m'botolo la pulasitiki lalikulupo, lembani mzere pomwe alekezera, muike mufiriji usiku wonse. M'mawa ayisi apitirira mzere, atenga malo okwana pafupifupi mamililita 545. Madzi amafufuma akaundana, zomwe sizichitika ndi zinthu zambiri, n'chifukwa chake ayisi amayandama komanso opanga mafirizi akumwa amasiya kampata pomanga kapepala kake. Botolo lagalasi musayerekeze, limaphulika.

Mukamawiritsa madzi, musathamangire kunena kuti themometa (choyezera kutentha) yafa ikakana kufika pa madigiri 100. Nambala imeneyo ndi ya kugombe la nyanja yamchere. M'tauni ya Zomba madzi amawira cha pa madigiri 97, ndipo pansonga za phiri la Zomba, pomwe ndi pamwamba kupitirira mamita 2,000, amawira cha pa 93, poti mpweya wowapsinja ndi wochepa. Nyemba zimachedwerapo kupsa kumeneko.

Onetsaninso ana pamlomo pa ketulo, ali patali. Choyera chooneka ngati utsi chija ndi timadontho ta madzi. Nthunzi yeniyeni ili pakampata kosaoneka kanthu pakati pa mlomo ndi choyeracho, ndipo pamenepo m'pomwe pamaotcha kwambiri.