Musanatame mankhwala, yambani mwalemba m'kope

Chimfine chimatha chokha pakapita masiku 7 mpaka 10. Koma ambirife timathamangira mankhwala tsiku limene chafika povuta, pomwe thupi latsala pang'ono kuchigonjetsa. Mawa lake tikadzuka bwino, ulemu wonse umapita kwa amoxicillin, chonsecho mankhwalawa sapha mavairasi amene amayambitsa chimfine. Zimandiwawa kuona ana akumwetsedwa makapisozi pachabe.

Msana ndi mutu waching'alang'ala zimateronso, ululu umakwera n'kutsika wokha. Ndiye mukayamba chithandizo chilichonse, kaya cha kuchipatala kaya cha zitsamba, muzilemba tsiku ndi tsiku kukula kwa ululuwo, kuyambira 0 mpaka 10, ngakhale masiku amene simunamwe kanthu. Kopelo muzipita nalo kwa dokotala. Koma thupi likatentha musadikire, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.