Munagwa ndi ngongole ku England? Umu ndi momwe mungakonzere mbiri yanu mpaka mudzagule nyumba

Nkhani ya ngongole ife timaikamba monong'ona. Munthu akalowa mu bankruptcy kuno, kutanthauza kuti lamulo lagamula kuti walephera kubweza ngongole zake, ngakhale anzake a kutchalitchi samva, amangoona kuti galimoto yasowa pakhomo ndipo wayamba kukwera basi. Manyazi amenewa ndi amene amadya zaka za anthu. Munthu amaleka kutsegula makalata, amaopa ngakhale kuyang'ana mbiri yake ya ngongole, ndipo zolakwika zimene akanazikonza ndi imelo imodzi zimakhala pamenepo mpaka tsiku limene akupempha ngongole ya nyumba n'kukanidwa. Zimenezi zimandipweteka chifukwa lamulo la kuno linaikidwa kuti wogwa adzuke, ndipo lili ndi masiku ake owerengeka.

Zimene ndikufotokoza pano ndi za ku England ndi Wales. Ku Scotland malamulo ndi mayina ake n'zosiyana.

Yambani ndi kudziwa tsiku lanu

Pali njira zitatu zimene anthu ambiri amadutsamo ngongole zikawakulira: bankruptcy, IVA ndi DRO. Mu bankruptcy munthu amamasulidwa pakatha miyezi 12, ngati wakhala akugwirizana ndi woyendetsa nkhani yake. DRO, imene ndi njira ya anthu opeza zochepa amene alibe katundu wambiri, nayo imatenga miyezi 12. IVA, umene ndi mgwirizano wobweza pang'onopang'ono, nthawi zambiri umatenga zaka 5 kapena 6. Koma zonsezi zimaonekabe pa mbiri yanu ya ngongole kwa zaka 6, ndipo zakazo zimawerengedwa kuyambira tsiku limene zinayamba, osati tsiku limene munamasulidwa.

Tiyerekeze kuti chigamulo cha bankruptcy chinatuluka mu March 2022. Munamasulidwa mu March 2023, ndipo chizindikirocho chidzachoka pa mbiri yanu mu March 2028. Lembani tsiku lanu penapake, chifukwa zonse zimene muchite zikudalira tsiku limenelo.

Tsiku lomasulidwa likafika palibe amene amakutumizirani kalata yokuuzani. Muyenera kupempha nokha kalata yotsimikizira ku Insolvency Service, nthambi ya boma yoona za bankruptcy, ndipo ngati munali mu IVA, amene ankayendetsa mgwirizanowo akupatseni satifiketi yosonyeza kuti mwamaliza. Pepala limeneli musunge pamodzi ndi pasipoti, lidzafunika kangapo. Pakatha miyezi 3 chimasulidwireni, onani pa Individual Insolvency Register, m'ndandanda wa boma umene uli pa intaneti, ngati dzina lanu lachoka. Ndipo ngati mu bankruptcy munagwirizana kuti muzipereka gawo la malipiro anu mwezi uliwonse, dziwani kuti zimenezo zimatha kupitirira mpaka zaka 3, ngakhale mutamasulidwa kale. Musadumphe mwezi.

Tsegulani mbiri zonse zitatu

Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo ndi pamene ambiri amachita ulesi. Makampani osunga mbiri ya ngongole alipo atatu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Aliyense ali ndi kaundula wake, ndipo banki ina imafunsa kwa uyu, ina kwa uyo. Lamulo limakulolani kuona lipoti lanu kwa aliyense mwaulere, ndiye musalipire munthu kuti akuonereni.

Nambala yaikulu imene imakhala pamwamba pa lipoti, imene amati credit score, musatekeseke nayo. Obwereketsa ngongole ya nyumba amawerenga zimene zalembedwa m'munsi, mzere ndi mzere, ndipo inunso muchite chimodzimodzi. Pa ngongole iliyonse imene inalowa mu bankruptcy, IVA kapena DRO yanu muone zinthu ziwiri. Choyamba ndi tsiku limene analemba kuti munalephera kubweza, limene amati default date. Tsikuli siliyenera kukhala la pambuyo pa tsiku limene bankruptcy inayamba. Mu chitsanzo chathu chija, kampani ya khadi ikalemba September 2022 m'malo mwa March, ndiye kuti banga lija likhalapo mpaka September 2028, miyezi 6 yowonjezera pa chilango chimene munamaliza kale. Ena amachedwa kulemba ndi chaka chathunthu. Chachiwiri, mukamasulidwa, ngongoleyo isaoneke ngati ikadali yotseguka ndipo ndalama zake zikukudikirani. Iyenera kuonetsa kuti inatsekedwa.

Mukapeza cholakwika, lemberani kampani imene inakubwerekani, muikemo kope la kalata yomasulidwa ija, ndipo mudandaulenso kwa osunga mbiriwo, amene ayenera kukuyankhani pasanathe masiku 28. Akakana kukonza kapena akangokhala chete, nkhani mungapite nayo ku Financial Ombudsman Service, oweruza madandaulo a za ndalama, kapena ku Information Commissioner's Office, oona za kasungidwe ka mbiri za anthu, ndipo konseko n'kwaulere. Ntchitoyi ndi yotopetsa, makamaka ngati ngongole zinali khumi, koma palibe china chimene chingakupindulireni mofanana nayo.

Muonenso mayina a anthu amene alumikizidwa ndi inu. Akaunti ya anthu awiri kapena ngongole yotengera limodzi imamanga mbiri yanu ndi ya mnzanuyo. Ngati banja linatha ndipo palibenso ngongole yokumangani pamodzi, pemphani kuti akulekanitseni. Ngati muli limodzi ndipo mnzanuyo mbiri yake ndi yoyera, musafulumire kutsegula akaunti imodzi, mungamudetsere.

Pali mwayi wolemba mawu osapitirira 200 pa lipoti lanu ofotokoza chimene chinachitika, monga matenda, kutha kwa ntchito kapena bizinesi imene inagwa. Mawuwa amachititsa kuti pempho lanu liwerengedwe ndi munthu osati kompyuta yokha, choncho limachedwerako. Ine ndimaona kuti ndi othandiza ngati chifukwa chake n'chomveka ndipo chinatha. Lembani mwachidule, popanda kudandaula.

Lembetsani m'kaundula wa ovota

Ichi n'chophweka koma anthu athu ambiri sadziwa kuti n'chowayenera. Nzika za Malawi, Zambia ndi Mozambique zili m'gulu la Commonwealth, ndipo ngati muli ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mungalembetse kuvota. A ku Zimbabwe nawonso amaloledwa. Mabanki amagwiritsa ntchito kaundula ameneyu potsimikizira dzina ndi adiresi yanu. Mukasamuka, lembetsaninso, ndipo adiresi ilembedwe mofanana ku banki, ku foni ndi ku khonsolo.

Mangani mbiri yatsopano, pang'onopang'ono

Musanamasulidwe, lamulo silikulolani kubwereka ndalama zoposa £500 popanda kumuuza wobwereketsayo za bankruptcy yanu. Nthawi imeneyo ingokhalani ndi akaunti wamba yopanda ovadirafuti (mwayi wotapa zoposa zimene zilimo), imene mabanki akuluakulu amapereka mwaulere, ndipo magetsi, madzi, foni ndi msonkho wa khonsolo zizichoka zokha ndi direct debit.

Mukamasulidwa ndipo malipoti mwakonza, tengani khadi imodzi ya ngongole ya anthu amene akumanganso mbiri. Imakhala ndi malire ochepa komanso chiwongola dzanja chokwera kwambiri, koma chiwongola dzanjacho sichikukhudzani ngati mukubweza ndalama zonse mwezi uliwonse. Muziguliramo chinthu chimodzi chimene mumagula kale, monga mafuta a galimoto, osafika ngakhale pa theka la malire, ndipo musatapirepo ndalama pa makina. Musanapemphe, gwiritsani ntchito zida zoyesera mwayi zimene sizisiya chizindikiro chooneka kwa obwereketsa. Kupempha apa ndi apo m'mwezi umodzi kumaonetsa ngati mwapanikizika. Lendi imene mumalipira nthawi yake ingawerengedwenso kudzera m'makampani ngati CreditLadder, amene amaitumiza kwa osunga mbiri.

Ngongole za payday, zobwereka kwa masiku ochepa podikira malipiro, muzithawe. Ngakhale mutabweza pa tsiku lake, obwereketsa ambiri a nyumba akaiona pa lipoti amabwerera m'mbuyo. Katapila wa pakati pathu, uja wobwereka kwa munthu wopanda chilolezo amene amasunga khadi kapena pasipoti ngati chikole, ndi woletsedwa kuno, ndipo pali gulu la boma lotchedwa Stop Loan Sharks lothandiza ozunzika naye. Samalaninso ndi amene amalonjeza kufufuta mbiri yoipa mukawalipira. Zoona zimene zalembedwa palibe angazichotse zaka 6 zisanakwane, ndipo zabodza mungachotse nokha.

Dipoziti, chipereganyu ndi ndalama za kumudzi

Mukangomasulidwa kumene, obwereketsa amene angakumvereni ndi ochepa kwambiri, ndipo amafuna dipoziti yaikulu, nthawi zambiri gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa nyumba kapena kuposa. Pa nyumba ya £200,000 ndiye kuti £50,000, pamene munthu wa mbiri yoyera atha kulowa ndi £10,000. Pakapita zaka 3 zitseko zimayamba kutseguka, ndipo pakatha zaka 6 mabanki ena akuluakulu amakuonaninso ngati wina aliyense. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chimodzi chodikira chingakupulumutseni ku chiwongola dzanja chimene chikanakubwezerani m'dzenje lomwe lija.

Ngati muli ndi zaka zapakati pa 18 ndi 39, akaunti yosungira ndalama yotchedwa Lifetime ISA ndi yothandiza: mukasunga mpaka £4,000 pa chaka, boma limaonjezera 25 peresenti, bola nyumbayo isapitirire £450,000 ndipo akauntiyo ikhale itatha miyezi 12. Koma ndi ya ogula nyumba koyamba, ndipo mawu akuti koyamba akutanthauza dziko lonse lapansi. Ngati munakhalapo ndi nyumba m'dzina lanu, kaya inapita ndi bankruptcy kuno, kaya ili ku Area 25 kapena ku Chilomoni, simuli m'gulumo, ndipo mukatapa ndalamazo pa chifukwa china amadula 25 peresenti.

Tsopano nkhani imene imatikola ife kwambiri. Wobwereketsa ndi loya wa nyumbayo adzafuna kudziwa kumene ndalama iliyonse ya dipoziti yachokera, chifukwa lamulo limawakakamiza kutero. Chipereganyu ndi chabwino, chatithandiza ambiri, koma £5,000 yolowa mu akaunti tsiku limodzi kuchokera kwa anthu khumi, kapena yoikidwa pamanja, imadzutsa mafunso. Ngati muli m'chipereganyu, zopereka zonse zizidutsa ku banki, gulu likhale ndi pepala losonyeza mamembala ndi ndondomeko yake, ndipo gawo lanu lomaliza mulandire miyezi ingapo musanapemphe ngongole. M'bale akakuthandizani, adzalembe kalata yonena kuti ndi mphatso osati ngongole, ndipo nayenso adzafunsidwa kumene anazitenga.

Ndalama zimene mumatumiza kumudzi, za fizi, za feteleza, za kuchipatala, zidzaoneka pa masitetimenti a miyezi 3 mpaka 6 amene adzakufunseni. Sindikunena kuti muleke kuthandiza makolo. Ndikunena kuti muike mlingo umodzi wa mwezi uliwonse, muuze abale kuti mlingo ndi umenewo, ndipo muulembe poyera pa zimene mumawononga. Wobwereketsa akhoza kuwerengera £200 ya mwezi ndi mwezi. Chimene chimamuopsa ndi akaunti imene imauma pakati pa mwezi chifukwa kwabwera uthenga wa pa WhatsApp. Za kubetcha pa mpira zisaonekemo n'komwe.

Popempha, nenani zoona

Musayambe ndi kugogoda pa banki iliyonse ya mumsewu. Pezani broker, mkhalapakati wokufunirani ngongole ya nyumba, wodziwa nkhani za anthu amene anadutsa mu bankruptcy, muone dzina lake pa kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a za ndalama, ndipo mumufunse poyambirira kuti amalipiritsa zingati komanso liti. Mupite ndi malipoti atatu aja, kalata yomasulidwa, mapepala a malipiro, masitetimenti ndi umboni wa chilolezo chanu chokhala m'dziko. Obwereketsa ambiri amamasuka ndi munthu amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, ndipo wa viza amatha kufunsidwa dipoziti yokulirapo, ndiye zimenezi zidziwike pa tsiku loyamba.

Mafomu ena amafunsa za zaka 6 zapitazi, ena amafunsa ngati munakhalapo mu bankruptcy chibadwire. Funso lachiwirili muyankhe inde ngakhale lipoti lanu litayera. Bankruptcy imalengezedwa mu The Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma, ndipo zolembedwazo sizifufutika, komanso kunama pa fomu ya ngongole ya nyumba ndi mlandu wa chinyengo. Zikadziwika mochedwa, ngongole imalandidwa mutalipira kale loya ndi woyeza nyumba.

Ngati mukuona kuti ngongole zayambanso kuunjikana musanafike n'komwe pamenepa, imbani ku mabungwe olangiza za ngongole monga StepChange, National Debtline kapena Citizens Advice. Salipiritsa.

Mukapatsidwa ngongole ndi wobwereketsa wapadera pa chiwongola dzanja chokwera, funsani broker kuti mgwirizano woyamba wa chiwongola dzanjacho uthe chapafupi ndi tsiku lanu la zaka 6 lija, kapena litangodutsa. Ikatsala miyezi 6 kuti mgwirizano uthe, tsegulaninso malipoti onse atatu, mutsimikize kuti chizindikiro cha bankruptcy ndi ngongole zake zonse zachoka kapena zichoka pa tsiku loyenera, kenako yambani kufunafuna banki yotsika mtengo yoti musamukireko.