Mukuyamba yunivesite? Yambani ndi kope limodzi

Achinyamata a ku Nsanje ndi Chikwawa amene mwasankhidwira ku UNIMA, MUBAS, MUST kapena LUANAR, patulani kope limodzi lolembamo zimene mukuwerenga. Mukapeza mfundo m'buku kapena pa Google Scholar (tsamba la pa intaneti lofufuzirapo zolemba za akatswiri), lembani nthawi yomweyo dzina la mlembi, chaka, mutu ndi tsamba. Mukadikira tsiku lopereka asayimenti, mudzachezera usiku kusakasaka komwe munaiona.

Mukamaliza ndime, tsekani bukulo, mufotokoze mfundoyo m'mawu anuanu. Ikakukanikani, ndiye kuti simunaimve, bwerezaninso. Kusekondale kuloweza notsi kunkathandiza, koma kuyunivesite kukopera mawu a wina osamutchula ndi kuba, ndipo amalanga.

Posankha mutu wa kafukufuku, musathamangire waukulu ngati kusintha kwa nyengo. Uchepetseni. Funsani kuti alimi a madimba ku East Bank anazitenga kuti mbewu zobzala namondwe wa Freddy atawononga mu 2023. Funso lotere likhoza kuyankhika, ndipo inu mumamva Chisena kapena Chimang'anja, mwayi umene anzanu ambiri alibe. Musanayambe kufunsa anthu, dzerani kwa amfumu, ndipo aliyense mumufotokozere kumene mayankho ake akupita, avomere yekha.