Kawindo kakamabisa batani lotumizira fomu mu Firefox

Inu amene mumathandiza anthu kudzaza mafomu pa kompyuta kuno ku Chipata, nthawi zina kawindo kotulukira pamwamba kamabwera kofinyika, batani lotumizira fomu osaoneka. Chimodzi chochititsa n'chakuti tsamba la fomuyo likufuna kukulitsa lokha kawindoko, koma mu Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, wina anatseka chilolezo chochitira zimenezi.

Kuti mutsegule chilolezochi, lembani about:config polembera adiresi mu Firefox, vomerezani chenjezo, kenako fufuzani dom.disable_window_move_resize. Ikakhala pa true, masamba sangasunthe windo kapena kusintha kukula kwake. Idineni kawiri ikhale false, mutseke kawindoko n'kukatsegulanso.

Koma dziwani kuti chilolezochi chimapita ku masamba onse, ngakhale a malonda ovutitsa aja. Pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu ambiri, ine ndimabwezera pa true fomu ikangotumizidwa.