Zoyang'anirapo pa mfuti ya mipope iwiri: musangothamangira sikopu

Mfuti ya mipope iwiri ija simungaitenge ngati ya mpope umodzi ayi. Mipope yakeyo siinayendere limodzi ndendende, opanga ngati Holland & Holland, Merkel kaya Heym amaipendeketsa pang'ono kuti zipolopolo zonse zikakumane pamalo amodzi, nthawi zambiri cha pa mamita 50 mpaka 100, ndipo amatero ndi mtundu umodzi wa chipolopolo basi. Mukaomba mpope wakumanja mfuti imagwedezekera kumanja chipolopolo chisanatuluke, wakumanzere nawo kumanzere, nde kupendeketsa kuja nkolipirira kugwedezekako.

Tiyambe ndi tizitsulo tobwera nayo, ma express sights aja, ka V kotambalala kumbuyo ndi kamkanda kutsogolo. Pafupi palibe choposa zimenezi, njati ikatulukira pa mamita 20 mumangoponya mfuti paphewa mkanda uli kale pomwe mukufuna. Vuto ndi maso, amayenera kuona zinthu zitatu nthawi imodzi, ka V, kamkanda ndi nyama, ndipo munthu akamakula V uja amayamba kuoneka mbuu, komanso patali mkandawo umaphimba theka la nyama.

Red dot, kagalasi koonetsa kadontho kofiira koyang'anirapo, ngati Trijicon RMR kaya Aimpoint Micro ine ndimaikonda kwambiri. Maso onse ali chitsegulire, kadontho pa nyama, basi. Ndiyopepuka nde kawirikawiri sisokoneza mipope, bola muziona batire musananyamuke.

Sikopu, galasi loonera patali lomangirira pamfuti, ndi imene imafuna kusamala. Zoona mumaona bwino madzulo komanso patali, makamaka pa mfuti ya zipolopolo za 9.3x74R yosakira nguluwe ndi agwape, koma kulemera kwake kumachepetsa kugwedezeka kuja nde zipolopolo zimatha kuyamba kupingasana, chakumanja kukagwa kumanzere chakumanzere kumanja, mfuti yomwe inkaomba bwinobwino nkuoneka ngati yaonongeka. Tengani yaing'ono ya 1-4x, yokulitsa mpaka kanayi, yokhala pansi kuti tsaya lisachoke pathabwa, yochotseka mwachangu, ndipo pa mfuti yamphamvu ngati .470 Nitro Express onetsetsani kuti yatalikirana ndi diso olo masentimita 9 kapena 10, apo ayi ikudulani pansidze.

Chilichonse mwaikapo, kayeseni. Ikani chandamale pa mamita 50, tsamirani pandodo kapena pathumba koma dzanja lanu likhale pakati, mfuti isakhudze choyedzamiracho. Ombani kumanja kenako kumanzere posachedwa, lembani bowo lililonse kuti ndi la mpope uti, dikirani izizire, bwerezani katatu kanayi. Zikamapingasana yesani zipolopolo zochepa liwiro pang'ono, zikamatalikirana yesani zaliwiro. Sikopu simungaitchere mipope yonse iwiri, nde ena amaitchera pakati pa magulu awiri a mabowo aja, ena pa mpope woyamba kuomba. Zikakanikabe pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti zotere, musamatule mipope nokha.